Mwana akakutumani kompyuta ya magemu ku Joni, musagule nyali za pakesi

 Mwezi uno anthu angapo andifunsa funso limodzi: mwana akuvutitsa, akufuna kompyuta ya magemu, ndikafika ku Joni ndigule yotani ndalama zili zochepa? Ndati ndiyankhire pano pagulu, chifukwa ineyo ndinaluzapo ndalama pa nkhani imeneyi ndipo sindikufuna kuti wina adzalire ngati mmene ndinalirira ine.

Mnyamata wanga atakhoza mayeso a Fomu 2 ndinamulonjeza kompyuta. Nditamaliza kuoda katundu ndinalowa m'shopu ina m'tauni ya Joni, maso anga n'kugwera pa kesi yagalasi, mafani ake akuwala mofiira ndi mobiriwira ngati malo a dansi. Papepala analemba kuti Gaming PC i7. Sindinafunse zambiri. Ndinalipira, n'kuyenda nayo kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka pa Mwanza. Titailumikiza kunyumba, gemu ya mpira inkayenda modukizadukiza ngati thiraki yodzaza simenti pachitunda. Patatha miyezi iwiri magetsi anathima usiku n'kubweranso mwamphamvu, tinamva fungo la chopserera, basi osayakanso. Mwana wa mchemwali wanga amene amakonza makompyuta ku Limbe ataitsegula anangopukusa mutu: "Amalume, apa munagula nyali." Processor inalidi i7, koma ya chaka cha 2012. Power supply inalibe ndi dzina lomwe, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Kompyuta ya magemu muigule mmene mumagulira thiraki. Palibe dalaivala wanzeru amene amalipira hosi chifukwa cha penti ndi hutala. Amayamba waona injini ndi giyabokosi, n'kuimvetsera ikulira. Ndalama zikakhala zochepa, ziikeni pa zipangizo zimene zimagwira ntchito, ndipo musankhe nokha chimodzichimodzi m'malo mongonyamula yomangamanga imene simukudziwa zam'kati mwake. Mashopu ambiri amakumangirani pomwepo mukagula zipangizozo kwa iwo.

Injini ya kompyuta ya magemu ndi graphics card. Ndi imene imajambula zonse zooneka pasikirini, ndipo ndi imene iyenera kudya gawo lalikulu la ndalama zanu. Ine ndimati pa R10 iliyonse, R4 ipite pamenepa. Simukufunika ya chaka chino. Makhadi ngati GTX 1660 Super ya 6GB imene inatuluka mu 2019, RX 6600 ya 8GB kapena RTX 3060 ya 12GB, onse awiri a 2021, amayendetsa bwino pa sikirini ya 1080p magemu amene ana athu amafuna: mpira wa EA Sports FC umene kale unkatchedwa FIFA, GTA V, Fortnite, ngakhale Euro Truck Simulator 2 imene inu madalaivala mudzaikonda kuposa anawo. Mukapeza RX 6600 pamtengo wabwino, itengeni. Siidya magetsi ambiri.

Khadi la kaunjika si tchimo, koma tsegulani maso. Ma RX 580 adzaza pa Facebook Marketplace pamtengo wokopa. Khadi limeneli ndi la 2017, ndipo ambiri mwa iwo anagwira ntchito usana ndi usiku kukumba ndalama za pa intaneti mpaka mu September 2022 pamene Ethereum inasiya njira imeneyo, eni ake n'kuwakhuthulira pamsika. Zili ngati kugula injini imene yayenda Durban ndi Lubumbashi kwa zaka zambiri osazimitsidwa: mwina ikadali ndi moyo, mwina yatha. Palinso makhadi achinyengo, makamaka olembedwa GTX 1050 Ti, atsopano m'bokosi koma otchipa modabwitsa, pamene m'kati mwake muli khadi lakalekale losinthidwa dzina. Mankhwala ake ndi amodzi. Wogulitsa alilumikize inu mukuona, atsegule pulogalamu yaulere yotchedwa GPU-Z kuti muone dzina lake lenileni, kenako ayendetse gemu kwa mphindi 20. Onetsetsani ngati mafani onse akuzungulira ndiponso ngati pasikirini sipakutuluka timadontho kapena mizere yachilendo. Akayamba zoti palibe nthawi, tulukani.

Kachiwiri pali zinthu zitatu zoyendera limodzi: processor, motherboard ndi RAM. Izi zili ngati hosi ndi thirela. Zikapanda kukolana, mwanyamula zitsulo zopanda ntchito. Kwa munthu wa ndalama zochepa njira zabwino ndi ziwiri. Ku AMD, tengani Ryzen 5 3600 kapena Ryzen 5 5600, motherboard ya B450 kapena B550, ndi RAM ya DDR4. Mukasankha 5600 ndi B450, funsani ngati BIOS yake anaikonzeratu, chifukwa ma B450 akale sayaka ndi processor imeneyi asanawakonze. Ku Intel, tengani i3-12100F kapena i5-12400F ndi motherboard ya H610 kapena B660. Apa samalani, ma motherboard amenewa alipo a DDR4 ndipo alipo a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina siilowa m'malo a inzake ngakhale mutakakamiza bwanji. Werengani pabokosi musanalipire.

Mawu oti i7 asakuzunguzeni mutu ngati mmene anandichitira ine. Yang'anani manambala otsatira. Pa i7-3770, nambala 3 yoyambayo ikutanthauza m'badwo wachitatu, wa 2012. Pa i3-12100, nambala 12 ikutanthauza m'badwo wa nambala 12, wa 2022. I3 yatsopanoyo imasiya kutali i7 yakaleyo. Palinso nkhani ya Windows: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa nambala 8 kupita m'tsogolo. Makompyuta ambiri akale a m'maofesi amene amawaveka kesi yatsopano n'kuwatcha a magemu safika pamenepo.

Chilembo F kumapeto kwa nambala ya Intel chikutanthauza kuti popanda graphics card sikirini ikhala yakuda. Ryzen 5 3600 ndi 5600 nazonso n'chimodzimodzi. Koma pali njira ina imene imatiyenera ife oyendayenda. Ryzen 5 5600G ili ndi mphamvu yake yojambulira m'kati, moti kompyuta imayaka n'kugwira ntchito popanda khadi, ndipo magemu opepuka amatheka mukatsitsa makonzedwe a zithunzi. Ulendo uno mumanga kompyuta yonse ndi 5600G, geni ikayenda bwino ulendo wina mudzabweretsa khadi. Kuteroko n'kwabwino kusiyana ndi kugula zonse zofooka tsiku limodzi.

RAM ikhale 16GB, ndipo ikhale timitengo tiwiri ta 8GB m'malo mwa kamodzi ka 16GB, chifukwa tiwiri timagawana ntchito ngati misewu iwiri. Posungira zinthu gulani SSD, yosachepera 500GB, 1TB ngati thumba lalola. GTA V yokha imadya malo oyandikira 100GB. SSD ilibe chozungulira m'kati, choncho siopa mabampu a msewu ngati hard disk yakale.

Tsopano chimene chinandiphera kompyuta yanga, power supply. Ogulitsa makompyuta omangamanga amabera apa chifukwa akudziwa kuti palibe kasitomala amene amafunsa za kabokosi kobisika kumunsi. Koma kabokosi kameneka ndi kamene kamadyetsa magetsi china chilichonse, ndipo kotchipa kakamafa kamatenganso anzake. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima n'kubwera mosalonjera, ichi ndi chinthu chimodzi chimene ndikuti musagule cha kaunjika. Gulani yatsopano, ya 550W, yolembedwa 80 Plus Bronze, ya kampani yodziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master. Onjezani choteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Mukakwanitsa UPS, ya 1000VA imapereka mpata wabwino, koma muuzeni mwana kuti ntchito yake ndi yompatsa mphindi zochepa zozimitsira kompyuta bwinobwino, osati zomalizira ligi. Kumbukiraninso kuti pulagi ya ku Joni ndi ya mano atatu obulungira pamene ya ku Malawi ndi ku Zambia ndi ya mano atatu amakona. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, ndiye mungogula chingwe china mukafika kumudzi m'malo modalira adaputa yogwedera.

Nanga mupulumutse pati ndalama? Pa kesi: yachitsulo wamba yolowa mpweya kutsogolo yakwana, ndipo ikakhala ndi kasefa kotchinga fumbi ndi bwino koposa. Pa fani ya processor: Ryzen 5 5600 ndi i5-12400F zogulidwa m'bokosi lake zimabwera ndi fani yake. Pa sikirini: ya kaunjika ya mainchesi 22 kapena 24 mukhoza kuipeza kwanu komweko osavutika kuidutsitsa maboda atatu, ndipo TV ya pabalaza yokhala ndi HDMI ikhoza kuyamba yagwira ntchito. Kiyibodi ndi mausi zikhale zawamba. Chimodzi chokha musaiwale: chingwe cha sikirini chilowe kumbuyo kwa graphics card, osati kumtunda pa motherboard. Ambiri amadandaula kuti anawabera pamene angolumikiza polakwika.

Vuto lathu lapadera ndi mtunda. Munthu wa ku Joni chikamuvuta amakwera takisi n'kukabweza. Ife tikazindikira vuto tili ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete. Choncho kompyuta iyake ndi kuyesedwa musanachoke. Ikatha kuyesedwa, auzeni achotse graphics card aiike m'kathumba kake ndi m'bokosi lake, chifukwa khadi lolemera likamagwedezeka m'maenje limatha kuthyola polowera pake pa motherboard. Zonse ziyende m'kabini kapena pafupi nanu m'basi, kutali ndi dzuwa, osati pansi pa mabelo. Tengani lisiti yeniyeni yolembedwa dzina la shopu ndi manambala a chipangizo chilichonse. Ku South Africa lamulo loteteza ogula limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto, ngati munagula kwa wabizinesi. Wongogulitsa chake pa Facebook lamuloli silimukhudza. Poti ife timabwerera ku Joni pafupipafupi, gulani m'shopu imene mudzaipeze pomwepo mwezi wamawa. Lisiti yomweyo ndi imene mudzaonetse pa boda. Lengezani katundu wanu. Kubisa motherboard m'kati mwa mabulangete kuti muzembe msonkho n'kuika pachiswe katundu wanu yense chifukwa cha kabokosi kamodzi.

Ndikudziwa ena akuti, bwanji osangogula PlayStation? Ngati mwana akungofuna mpira basi, akunena zoona: PS4 ya kaunjika ndi yotchipa, ilibe zokolana, mungolumikiza ku TV. Ndikanakhala ndi ndalama zochepetsetsa ndikanatero, kusiyana ndi kugula kompyuta yofooka. Koma PS4 siilemba ntchito ya kusukulu, siiphunzitsa mwana Excel kapena kukonza mavidiyo, ndipo simungaiwonjezere mphamvu. Ena akuti laputopu ndiyo yabwino poti ili ndi batire. Zoona, koma ya magemu imadula kwambiri, imatentha, ndipo khadi lake likatha mphamvu simungalisinthe. Pa desktop chinthu chimodzi chikafa mumasintha chomwecho, ngati sipeya ya galimoto. Kwa amene akuti magemu amaononga sukulu, ine ndimati waya wa magetsi uli m'manja mwa kholo. Kwathu kompyuta ili pabalaza, ndipo pakati pa sabata magemu kulibe.

Kompyuta yachiwiri ndinaigula ndi pepala m'manja limene mwana wa mchemwali wanga uja anandilembera. Ndili m'shopu ndinkajambula bokosi lililonse n'kumutumizira pa WhatsApp ndisanatulutse ndalama. Kesi yake ndi yakuda bii, ilibe nyali ngakhale imodzi. Mnyamata ataiona ananyinyirika kuti siikuoneka ya magemu. Atayatsa mpira anakhala chete. Mpaka lero ikuyenda, ndipo ndi yomweyo imene amandilembera mndandanda wa katundu ndi ngongole za makasitomala.

Ndiye musananyamuke, khalani pansi ndi mwana akuuzeni magemu atatu amene akufuna. Pezani munthu wodziwa akulembereni mayina ndi manambala a zipangizo, ndipo musasinthe chinthu m'shopu musanamufunse, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti n'zofanana. Safunsa anadya phula, ndipo ine phula langa ndinalinyamula kuchokera ku Joni mpaka ku Blantyre, n'kulilipirira msonkho pa boda. Muyende bwino nonse, madalaivala muzipuma mukatopa.