Tikugula mapuloti kumudzi, nanga m'makomiti a malo muli ndani?

Abale anga a kuno ku Dubai, ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Twar, kufupi ndi bwalo la ndege. Kuno chilichonse chili pamalo pake: nyumba zogona kwaokha, mashopu kwaokha, paki ndi mzikiti pamalo pomwe anakonzeratu. Munthu sungangodzuka n'kumanga khoma popanda chilolezo cha Dubai Municipality. Mu 2021 boma linatulutsanso pulani ya mzindawu mpaka 2040. Koma ife alendo sitifunsidwa maganizo. Timangotsatira basi.

Kwathu mpata wolankhula ulipo, koma tikuutaya.

Lamulo la malo a mafumu la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, likuti m'dera la gulupu aliyense muzikhala komiti yoona za malo. Wapampando ndi a gulupu, ndipo anthu a m'mudzi amasankha mamembala 6, osachepera atatu akhale amayi. Ntchito yao ndi kuthandiza polembetsa malo ndi kutsimikiza malire. Palinso ma VDC ndi ma ADC omwe amapereka maganizo a chitukuko ku khonsolo. Izi ndi ntchito zongodzipereka, n'chifukwa chake ambiri timazithawa.

Ineyo ndinatumiza ndalama za miyezi isanu kuti achimwene andigulire puloti. Atabwera a komiti, zinapezeka kuti theka la malowo ndi njira ya madzi. Anandipulumutsa ndi mayi wina wa m'komitimo yemwe anakana kusaina, apo ayi bwenzi nditathira kale maziko. Ndinakwiya sabata yonse, koma pano ndimawathokoza.

Kumbukirani namondwe Freddy mu March 2023. Matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira. Ambiri anamanga m'mbali mwa phiri chifukwa malo abwino mu Blantyre ndi odula, osati kupusa ayi. Koma pofunika munthu woti anene kuti "apa musamangepo", mau ake sanamveke.

Ngakhale kuno mvula ya pa 16 April 2024 inasefukira mpaka ndege zinalephera kutera. Kusiyana kwake n'kwakuti boma linalengeza ngalande zatsopano za ndalama zokwana 30 biliyoni dirham. Kwathu ndalama zotere tilibe. Chomwe tili nacho ndi anthu odziwa komwe madzi amadutsa.

Ndiye musanatumize ndalama za simenti, funsani kaye: a komiti anawaona malowo? Pulani ya nyumba inadutsa ku khonsolo? Ndipo uzani alongo anu, akazi anu kapena amalume kuti akaime nao pa chisankho cha komiti. Inunso mukadzabwerera, musadzangokhala pakhonde. Mipando imeneyi ikakhala yopanda anthu achilungamo, amakhalapo ndi madobadoba ogulitsa puloti imodzi kwa anthu atatu. Olira timakhala ife amene tapsa ndi dzuwa la kuno.