Ozimitsa moto a ku Beech Grove adagonjeranji Indianapolis?

Beech Grove ndi kamzinda ka ku Indiana, ku America, ka anthu osakwana 15,000 kamene kazunguliridwa ndi Indianapolis. Mu 1970, pamene ulamuliro wa Indianapolis udaphatikizidwa ndi wa boma la Marion County, kamzindaka kadasiyidwa kuti kadzilamulire kokha, pamodzi ndi Lawrence, Southport ndi Speedway. Kadatsala ndi meya wake, apolisi ake ndi ozimitsa moto ake. Koma kumapeto kwa 2021 ozimitsa motowo adalowa m'nthambi yaikulu ya Indianapolis, ndipo meya wa nthawiyo, Dennis Buckley, adali munthu woti adakhalapo mkulu wa ozimitsa moto omwewo. Zigawo zina za Marion County zidatsogola kale: Washington ndi Warren mu 2007, Perry mu 2009, Franklin mu 2010.

Chidayambitsa ndi ndalama. Mu 2008 boma la Indiana lidaika malire pa msonkho wa nyumba ndi malo, moti nyumba yokhalamo mwiniwake siilipira kupitirira 1 peresenti ya mtengo wake. Eni nyumba adasangalala, koma makhonsolo ang'onoang'ono adauma m'thumba. Pomwepo malo aakulu okonzerako masitima a Amtrak, amene ndi kunyada kwa Beech Grove, salipira msonkho wotere, chikhalirecho akayaka ndi ozimitsa moto a kamzindako amene ankathamangirako. Galimoto imodzi yamakwerero aatali imadutsa madola miliyoni imodzi, osawerengera malipiro ndi penshoni.

Kwa ine mfundo yolemera kwambiri ya okonda kuphatikizana ili pa anthu ogwira ntchitowo. Ozimitsa moto a ku Indianapolis amakhala pa ntchito maola 24, n'kupuma maola 48. Mmodzi akapita ku maphunziro, wina ayenera kukhala pampando wake m'galimoto, ndipo ameneyo amalipidwa ovataimu. Nthambi ya anthu oposa 1,000 imasenza zimenezi mosavuta. Kanthambi kakang'ono kamazengereza, kenaka maphunziro aja n'kuwakankhira chaka chamawa. Ndipo maphunziro ake si a m'kalasi ayi. Munthu amavala chigoba kumaso, botolo la mpweya kumsana, n'kumakwawa m'chipinda chodzadza utsi, dzanja limodzi lili pa payipi kuti asasochere, kwinaku akumvetsera belu lomuuza kuti mpweya watsala pang'ono. Zimenezi ukazisiya miyezi ingapo thupi limaiwala.

Palinso nkhani yokwezedwa. Pamene mipando ya akapitawo ili yowerengeka, mnyamata wakhama amangodikira kuti wina apume pa ntchito. M'nthambi yaikulu akhoza kulowa gulu lopulumutsa anthu m'madzi, lolimbana ndi mankhwala oopsa, kapena Indiana Task Force 1, gulu lomwe limatumizidwa kutali kukafukula anthu nyumba zikagwa.

Komabe a mbali inayo sakulira chabe. Wozimitsa moto amene wakulira m'kamzinda amadziwa kanjira kamene kamatsekeka, mpope wa m'mbali mwa msewu umene madzi ake ndi ofooka, ndi khomo limene kuli gogo wosatha kuyenda. Zimenezi n'zofunika zedi, chifukwa ku America maulendo ambiri a ozimitsa moto sakhala a moto konse, amakhala a odwala ndi ovulala. M'nthambi yaikulu anthu amasunthidwasunthidwa, ndipo mwayi womwe uja wokwezedwa ndi umene umachotsa munthu waluso pamalo pamene amadziwa bwino. Kale wodandaula ankatha kukumana ndi meya kapena khansala wake m'sitolo n'kumufunsa maso ndi maso. Lero wolamula za magalimoto ndi antchito ali ku likulu, ndipo meya wa Beech Grove alibe mphamvu pa iye. Chinanso, nthambi ukaithetsa, kuyambiranso n'kovuta koopsa. Madzi akatayika saoleka.

Otsutsa kuphatikizanawa amalozanso ku South Bend, kumpoto kwa Indiana, kumene ozimitsa moto ali ndi malo awoawo ophunzitsira otchedwa Luther J. Taylor Sr., ndiponso sukulu yopulumutsa anthu mumtsinje imene imaphunzitsira pa ngalande ya East Race, komwe ozimitsa moto a m'madera ena amabwera kudzasulidwa. Ndiye kuti luso likhoza kugawanidwa popanda kumezana. Zoona, kungoti South Bend ili ndi anthu oposa 100,000. Kuiyerekeza ndi Beech Grove n'kulakwira wamng'onoyo.

Ife a ku Malawi tikamva mkangano wotere tikhoza kuseka. Kwathu ozimitsa moto ndi a makhonsolo a mizinda ikuluikulu ndi a ku mabwalo a ndege, ndipo amene adaona laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015 amadziwa kuti vuto lathu lidakali pa galimoto ndi madzi. Koma funso la amene ayenera kulipira maphunziro a antchitowa tidzakumana nalo ndithu tikadzayamba kugula magalimoto m'maboma.

Ndikaika zonse pa sikelo, ndikuona kuti Buckley sadalakwe povomera kuphatikizanaku, poti kamzinda kosatha kutumiza anthu ake ku maphunziro kamawaika pa ngozi iwo eni pamodzi ndi amene akukawapulumutsa. Chondidetsa nkhawa ndi lipoti la pachaka la nthambi yaikuluyo. Manambala a mzinda wonse akhoza kukoma, oti alembedwa ntchito angati, akwezedwa angati, pamene ku Beech Grove galimoto yayamba kuchedwa ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Moto wa m'nyumba za makono, zodzadza mapulasitiki ndi masofa a siponji, umatha kukuta chipinda chonse m'mphindi zochepa kwambiri. Khonsolo ya Beech Grove iyenera kumapempha manambala a dera lake paokha chaka ndi chaka: mphindi zimene galimoto yoyamba imatenga kuti ifike, anthu amene amakhalamo ikamanyamuka, ndi zaka zimene aliyense wa iwo wagwira pa siteshoni yomweyo.