Sipanala Iposa Unyolo

M'chaka cha 1914 apolisi a mumzinda wa New York, ku America, adayamba kusonkhanitsa ana ongoyendayenda m'miseu, naŵapezera malo oseŵerera. Ntchito imeneyi ndiyo idabala bungwe la Police Athletic League. Lero apolisi a m'mizinda ina ya m'dzikomo amachita zoposa pamenepo. Iwo amapeza galimoto yakutha, naitana anyamata ndi atsikana amene ayamba kuloŵerera kuti adzaimange pamodzi.

Anthu ena amati ntchito ya wapolisi ndi kugwira akuba basi. Maganizo otere ngopereŵera. Injini siimva ukali. Mwana akamanga bauti mopupuluma, amalithyola. Akalakwitsa mabuleki, galimoto siingaime. Motero amaphunzira kudekha ndiponso kutsiriza chimene wayamba. Kuonjezera apo, wapolisi amene wada naye mafuta m'manja saonekanso ngati mdani, ndipo mwanayo angathe kumuululira zomsautsa asanapalamule mlandu.

Nzoonadi kuti zitsulo zimadya ndalama. Koma kusunga mnyamata m'ndende kumadyanso ndalama, kuphatikizapo tsogolo lake. Akuluakulu sadaname: kuongola mtengo mpoyamba.