Mbalame yakufa m'bokosi la zosokera

Pa 7 April, tsiku la amayi a dziko lino, ndidaonerera sewero la achinyamata ku Mandimba. Bambo adabwera kumowa usiku, napeza ndiwo zosakolera mchere, nayamba kukwapula mkazi wake. Tonse tidaseka mpaka kugwira nthiti, ine ndemwe. Mayiyo m'sewero monse adangonena mawu amodzi: "Mayo!" Ndili pa njinga pobwerera ndidakumbukira sewero lina la ku America, ndipo kuseka kudanditherapo.

Usiku wa pa 1 December 1900, m'chigawo cha Iowa, mlimi John Hossack adatemedwa ndi nkhwangwa ali m'tulo. Apolisi adagwira mkazi wake Margaret. Anansi adauza khothi kuti m'nyumbamo mudali nkhanza kwa zaka zambiri, koma umboniwo udangosanduka chifukwa chonenera kuti mayiyo ndiye adapha. Amuna 12 adamupeza wolakwa mu April 1901, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pagulu la oweruzalo padalibe mkazi, poti lamulo silinkalola. Khothi lalikulu lidafafaniza chigamulocho mu 1902, ndipo pa mlandu wachiwiri mu 1903 oweruza sadamvane, Margaret namasulidwa.

Mtolankhani wachitsikana, Susan Glaspell, ndiye ankalemba za mlanduwu m'nyuzi ya Des Moines Daily News. Mu 1916 adautembenuza kukhala sewero lalifupi lotchedwa Trifles, kutanthauza tinthu tachabechabe.

M'seweromo mlimi wapezeka atapotoledwa ndi chingwe, ndipo mkazi wake ali m'chitokosi. Mayiyo sitimuona konse, ngakhale mawu ake sitiwamva. Mkulu wa apolisi, loya wa boma ndi mnansi akufufuza kuchipinda ndi kukhola, uku akuseka amayi awiri amene atsala kukhitchini. Koma ndi amayiwo amene akuona zonse. Chofunda chimene mnzawo ankasoka chayamba ndi msoko wowongoka, kenaka msoko wapita uku ndi uku ngati wosokayo ankanjenjemera. Kakhola ka mbalame kathyoledwa chitseko. M'bokosi la zosokera apezamo kambalame kake koimba, kopotoledwa khosi, kokulungidwa bwino m'kansalu. Apo adziwa amene adakapha, ndi moyo umene mnzawo ankakhala. Kambalameko akabisa, amuna aja natuluka chimanjamanja.

Musandimve molakwa, awerengi, sindikuyamikira kupha kapena kubisa umboni. Chimene chimandigwira mtima ndi mayi mmodzi mwa awiriwo, mnansi wa womangidwayo, amene akudziimba mlandu kuti ankadziwa kuti nyumba ija ndi yozizira, koma sadapondeko kukacheza.

Kuno kwathu amayi amadziwanso. Amaona mnzawo atafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo, amaona kuti wasiya kubwera kuchitsime nthawi imene anzake amatunga, amamva zimene akudandaula m'nyimbo za pamtondo. Koma nkhani ikafika kwa ankhoswe kapena pa bwalo la mfumu, olankhula ndi amalume, ndipo mawu otsiriza amakhala akuti banja ndi kupirira.

Chikhalirecho lamulo nambala 29 la chaka cha 2009 lidati nkhanza za m'banja kwa amayi ndi mlandu wa boma. Sikuti womenyedwa yekha ndiye angakadandaule ayi. Mnansi nayenso akhoza kukanena ku polisi. Tsidya linalo la Chiponde, anzathu a ku Malawi adakhazikitsa lawo mu 2006.

Tsono pempho langa likupita kwa magulu a zisudzo a ku Cuamba, Ngauma ndi Mandimba, ndi kwa anzathu a mawailesi a m'madera. Sewero la Glaspell limafuna anthu asanu, khitchini imodzi ndi theka la ola basi. Lembani lanu la kuno. M'malo mwa kambalame muikemo nkhunda kapena mtondo wong'aluka, amuna apite kukafufuza kunkhokwe, ndipo amayi awiri aja atsale pamoto azikambirana ife tikumva.