Za Ufa Wachikasu wa ku Chipatala

Akuluakulu a ku Nguludi, ku Njuli ndi ku Namitambo akamasimba za zipatala za makedzana, sachedwa kutchula pfungo. Munthu womangidwa chilonda anali kudziwika asanalowe m'nyumba. M'zipatala zambiri za masiku amenewo mwini pfungo lija unali ufa wachikasu, dzina lake iodoform, ndipo mbiri yake iyambira pa phulusa.

Amai akafuna chidulo cha thelele atentha zitsononkho nacheza phulusa lake ndi madzi. Nchito yonga yomweyo anali kuichita Bernard Courtois ku Paris m'chaka cha 1811, koma lake linali phulusa la ndere za m'nyanja ya mchere, ndipo anali kufuna mchere wopangira onga wa mfuti. Tsiku lina anachulutsa asidi m'madzi a phulusalo. Pomwepo panakwera utsi wa maonekedwe a duwa la jakaranda, umene utazizira unasanduka timiyala tonyezimira. Ndiye ayodini ameneyo.

Zitapita zaka 11, m'chaka cha 1822, Georges-Simon Serullas, wosakaniza mankhwala wa asilikali a ku France, anapeza iodoform. Kapangidwe kake sikavuta kumva: ayodini akakumana ndi mowa waukali wonga kachasu pamodzi ndi madzi a mtundu wa chidulo, pansi padikha ufa wachikasu. Jean-Baptiste Dumas ndiye anawerenga za m'kati mwake m'chaka cha 1834, napeza kuti pa kambeu kamodzi ka kaboni ndi kamodzi ka haidrojeni pamamatira timbeu titatu ta ayodini. Mukauyesa pa sikelo, magawo pafupifupi 97 mwa 100 ndi ayodini yekha.

Chotidabwitsa ife nchakuti ufawo unakhala zaka zambiri wopanda nchito yeniyeni, kufikira 1880, pamene dotolo Mosetig-Moorhof wa ku Vienna anayamba kuuwaza pa mabala a anthu ochitidwa opaleshoni. Ubwino wake uli pa ulesi wake. Susungunuka m'madzi, kotero mafinya saukokolola msanga. Ungokhala pa chilonda numasula ayodini pang'onopang'ono, ndipo ayodiniyo ndiye alimbana ndi tizirombo toolesa thupi. Pa nkhondo ija inatenga amuna athu ambiri kunka ku tengatenga, dotolo Rutherford Morison wa ku Newcastle anausakaniza ndi bismuth ndi mafuta oyengedwa a parafini m'chaka cha 1916, napanga phala lotchedwa BIPP, lakuti bala la msilikali likhale masiku angapo losamasulidwa. Musayese kuti ndi parafini wa m'nyale ai. Ameneyo atentha chilonda.

Koma ufa womwewo uli ndi msampha. Chilonda chikakhala chachikulu, thupi limwa ayodini wopitirira muyeso. Wodwala amva mutu, mtima uthamanga, nayamba kubwebweta, ndipo ena anafa nazo. Penisilini atafika m'zaka za m'ma 1940 madotolo anayamba kuusiya. Lero atsala nawo makamaka ozula mano, ndi aja otseka mphuno ya munthu wotuluka kamfuno kosaleka.

Tsono tikupemphani, makolo, musasokoneze zinthu ziwiri. Ayodini wa mu mchere wa m'paketi ndi wochepetsetsa, woikidwamo dala kuti atiteteze ku chithokomiro. Ufa wachikasu uja sudyedwa ndithu. Ndiponso musagule pa msika ufa wopanda dzina chifukwa chakuti ununkha chipatala. Mwana akadzitema ndi khasu kumunda, tsukani bala ndi madzi owiritsa ozizira ndi sopo, limangeni ndi kansaru kochapa bwino. Likazama, likatupa, likayamba kununkha, kapena mwana akatentha thupi, mumbereke tsiku lomwelo kunka naye ku Nguludi kapena ku chipatala cha pa boma.