NZERU ZA PA KHOMO: Tsamba Loipa Likabwerera m'Foni

Anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Kafue audziwa bwino udzu uja woyandama pa madzi, wa maluwa okongola, umene ambiri aucha Kafue weed ndipo ena ati namasupuni. Udzu umenewu kwao ndi ku South America, ndipo m'zaka za m'ma 1990 unasautsa kwambiri asodzi pamodzi ndi anchito a magetsi a ku Kafue Gorge pamene unaphimba madzi pafupi ndi milatho ya tauni ya Kafue. Asodzi anaphunzirapo cinthu cimodzi: munthu angathe kuuvuula wonse lero, koma akasiya kacidutswa kapena mbeu zake m'matope, posacedwa uphukanso ngati kuti sanaugwirepo dzanja.

Bvuto la mtundu womwewo lalowa tsopano m'mafoni ndi m'makompyuta. Tauni ya Kafue, imene iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, ndi malo kumene alimi ndi asodzi a m'midzi yozungulira amabwera kudzagulitsa cimanga, ndiwo ndi nsomba. Kale ndalama anali kuzimanga pa nsonga ya citenje, koma lero ambiri azisunga m'foni, ku Airtel Money kapena ku MTN Mobile Money. Mbala nazo zatsata ndalamazo mpaka m'foni momwemo.

Kawirikawiri nkhani yake imayenda motere. Bambo wa ku Chanyanya alandira uthenga pa WhatsApp wonena kuti kuli mabando aulere kapena thandizo la feteleza. Iye adina pamene amuuza kuti adine. Nthawi yomweyo patseguka tsamba lofiira loopseza kuti foni yagwidwa ndi mavairasi, ndipo limuuza kuti aikemo pulogalamu yakuti-yakuti kapena aimbire nambala ina msanga. Bamboyo apita nayo foni kwa mnyamata wokonza mafoni pa msika. Mnyamatayo acotsa pulogalamu yoipayo nanena kuti, "Atate, foni yanu yayera tsopano." Koma madzulo, pofika kunyumba ndi kutsegula intaneti, tsamba lija liri pomwepo, ndi anzake awiri kapena atatu. Apa ena pa banja ayamba kunong'onezana kuti foniyo yalodzedwa.

Palibe ufiti pamenepa. Pulogalamu imene munthu amatsegulira intaneti, monga Chrome, Firefox, Opera kapena Edge, imachedwa bulauza, ndipo inapangidwa kuti izikumbukira. Munthu akaitseka, iyo imalemba m'kati mwake maina a masamba onse amene anali otsegula, kuti pobweranso awapeze pamene anawasiya. Ici ndi cinthu cothandiza kwa mwana wa sukulu amene anali kuwerenga phunziro lake, koma bulauza siidziwa kusiyanitsa tsamba labwino ndi loipa. Imabweza onse pamodzi. Cotero wokonza uja anavuula udzu wa pamwamba, koma mbeu inatsala m'matope.

Coyamba cofunika kudziwa ndi cakuti tsamba la pa intaneti liribe mphamvu yopima foni ya munthu ndi kuwerenga mavairasi ali m'menemo. Mau ofiirawo ndi bodza loikidwa kuti munthu acite mantha, pakuti wamantha saganiza bwino. Ngozi yeniyeni imabwera pamene iye wadina, waimba nambala ija, waikamo pulogalamu imene amuuza, kapena walemba nambala yake ya cinsinsi.

Mankhwala ake ali ndi ndondomeko, ndipo kulumpha mbali yoyamba ndiko kumagwetsa ambiri. Munthu asanatsegule bulauza, ayambe wadula intaneti. Azimitse deta ndi Wi-Fi, kapena ayatse cizindikiro ca ndege cimene cilembedwa kuti Airplane mode. Intaneti ikadulidwa, tsamba loipalo silingathe kulankhulana ndi eni ake kapena kuitana anzake.

Atatero, atsegule Chrome, adine kabokosi kamene kali ndi nambala yoonetsa kuculuka kwa masamba, kenaka timadontho titatu, ndi kusankha Close all tabs. Masamba onse adzatsekeka. Pambuyo pake alowe mu Settings, apeze Privacy and security, ndi kufufuta mbiri ya kumene foni inayenda, posankha All time kuti pasatsale kanthu. Asaiwale kulowanso mu Site settings, pa Notifications. Pamenepa pali maina a masamba amene analoledwa kutumiza mauthenga, ndipo nthawi zambiri mwini foni anawalola mosadziwa podina Allow. Dzina liri lonse lacilendo alicotse, cifukwa masamba otere amatumiza macenjezo abodza ngakhale bulauza iri yotseka.

Ngati bulauza ikana kumvera, pali njira yaukali. Mu Settings ya foni, pa Apps, asankhe Chrome, adine Force stop, ndipo pa Storage afufute zonse zosungidwamo. Njira imeneyi imacotsa masamba onse, koma imatenganso zabwino zimene munthu anasunga mu bulauza, cotero aigwiritse nchito atalephera njira yoyamba. Ali pomwepo pa Apps, ayang'ane pulogalamu iri yonse imene saikumbukira kuti anaiikamo, ndi kuicotsa. Zonsezi zikatha ndiye ayatse intaneti, alowe mu Play Store, ndi kulamula Play Protect kuti ipime foni yonse.

Aphunzitsi, alembi a makopaletivu ndi ena amene agwira nchito ndi kompyuta akumana ndi bvuto lomweli, koma msampha wao uli pena. Tsamba loipa likadzaza galasi lonse ndi kukana kutsekeka, munthu azule nthambo ya intaneti kapena azimitse Wi-Fi, kenaka pa kompyuta ya Windows adine pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc. Pa bokosi limene litseguke asankhe dzina la bulauza ndi kudina End task. Poitsegulanso, bulauza idzaona kuti inatsekedwa mwadzidzidzi, ndipo idzafunsa mwaulemu ngati ibweze masamba aja. Liu lake ndi Restore. Ambiri amalidina poganiza kuti ali kukonza zinthu, osadziwa kuti ali kutsegulira khomo mbala imene angoitulutsa kumene. Funso limenelo likanidwe podina kamtanda ka pambali.

Kuti zisacitikenso, mu Settings ya Chrome apeze On startup, acotse Continue where you left off, ndi kusankha Open the New Tab page. Ayang'anenso ngati pali dzina la tsamba lacilendo limene laikidwa kuti lizitseguka poyamba. Pa Extensions, zimene ndi timapulogalamu tating'ono tomata pa bulauza, acotse kali konse kosadziwika. Ngati bulauza inalumikizidwa ndi akaunti ya Google, zoipazi zingabwerere kucokera pa kompyuta ina ya munthu yemweyo, motero makompyuta onse ayeretsedwe tsiku limodzi.

Mbali yotsiriza ndi ya ndalama. Amene analemba nambala ya cinsinsi pa tsamba lotere asagone nayo nkhaniyo. Aisinthe tsiku lomwelo, ndipo ngati nkotheka asinthire pa foni ina yosadwala kapena apite ku ofesi ya kampani yake ya mafoni atanyamula citupa cake. Wanchito weniweni wa kampani ya mafoni kapena wa banki safunsa nambala ya cinsinsi, kaya pa lamya kaya pa uthenga. Amene waberedwa akanene ku polisi, ndipo angathe kudandaulanso ku bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009 kuti liziyang'anira za mafoni ndi intaneti m'dziko muno. Umbava wa pa intaneti ndi mlandu m'Zambia: lamulo lake linapangidwa mu 2021, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo inaika malamulo awiri atsopano m'malo mwake. Mauthenga ndi manambala a mbalazo asafufutidwe asanaonetsedwe kwa apolisi, pakuti ndiwo umboni.

Palibe cifukwa cocitira manyazi. Misampha imeneyi imagwira ophunzira ndi osaphunzira omwe. Makolo amene mau a Cizungu a m'foni amawabvuta aitane mwana kapena mdzukulu, akhale naye pansi ndi kutsata ndondomekoyi pamodzi, koma nambala ya cinsinsi ikhale ya mwini yekha. Ndiponso wopita ndi foni kwa wokonza asabwereko asanaone ndi maso ake kuti bulauza yatsegulidwa pamaso pake ndipo masamba aja sanabwerere.

Akulu akale anati safunsa anadya phula. Ndalama za cimanga ca caka conse zingathe kupita usiku umodzi cifukwa ca tsamba limodzi lotsalira. Wanzeru adule intaneti poyamba, atseke masamba onse, ndipo bulauza ikamufunsa za kubweza masamba akale, akane.