Benz Yakale ya ku Japan: Tiwerenge Mtengo Wonse

Kwacha italimbako mu 2025, kucoka pa K28 kufika pafupi K23 pa dola imodzi, tayamba kumva acinyamata athu muno m'Bauleni akukambirana za Mercedes-Benz C-Class, BMW 3 Series ndi Toyota Mark X. Yatsopano ndi ya anthu ocepa; ambiri maso ali pa yakale ya ku Japan.

Koma mtengo wa pa intaneti kawirikawiri umathera pa doko la Dar es Salaam. Pa Nakonde a ZRA afuna msonkho, ndipo motoka yopitirira zaka 5 imalipira wina pamwamba. Kenako pali RTSA, inshuwalansi, ndi mafuta amene a ERB amaunika mtengo wake mwezi uliwonse. Masipeya a Benz ndi BMW amatsata dola. Ndiponso motoka izi n'zofupika: mukasiya tala ya Leopards Hill kulowa m'komboni nthawi ya mvula, pansi pamagunda miyala.

Sitikuletsa munthu kugula. Koma ngati ndalama yake ndi ya kaloba, kapena cilimba ca amai cimene cinali ca sukulu ya ana, yambani mwakhala pansi monga banja. Kwacha ikadzafookanso, masipeya adzakwera, koma nkhongole idzakhala ilipobe.